Dzanja Lamanja la Bonifasiyo

Tatsitsani mawu a telefoniyo, ana inu. Chikhalireni pamthunzi pano mukungokangana za azibambo awiri ankhonya a kutsidya kwa nyanja amene simunawaonepo ngakhale chidendene. Uyu akuti katswiri anali wamtali uja, uyu akuti ayi, anali wa khosi ngati ng'ombe uja. Iwe Selesite wafika pokwezera mawu mkulu wako chifukwa cha munthu amene sadziwa n'komwe kuti kuli mzinda wotchedwa Tete. Inu mukuwayeza ndi maso, pa kagalasi kochepa ngati chikhatho. Ine anthu ankhonya ndinawayeza ndi nthiti zangazi. Mukuseka? Funsani agogo anu aakazi chomwe chinapinda mphunoyi. Iwo amakonda kunena kuti ndinabadwa nayo chonchi, koma ndinawafunsira idakali yowongoka, apo ayi sakanandilola.

Ndinatsika kuchokera ku Angonia ndevu zitangoyamba kumera, nditakhala pamwamba pa matumba a mbatata ya kachewere m'kamyau, galimoto yaikulu ya katundu ija. Ulendo umene inu mumayenda theka la tsiku pa shapa, minibasi zanu zija, ife tinkagona nawo panjira. Kwathu kuja m'mawa umatuluka utsi m'kamwa chifukwa cha kuzizira, ndiye nditafika kuno ndinayesa kuti mzinda ukupsa. Ndinafunsa mayi wina wogulitsa masawu kuti kodi kutenthaku kutha liti, iye n'kundiyankha kuti, "Mwananga, kuno ndiye kwazizira lero."

Ntchito yanga inali yotsitsa matumba pamsika. Tsiku lina ndinasenza awiri nthawi imodzi, kudzionetsera kwa mtsikana wina wogulitsa tomato, amene pano akusenda mtedza apoyo ngati sakumva. Mtsikanayo sanandiyang'ane, koma anandiona bambo wina wamfupi, wa imvi, wa makutu ofota ngati bowa wouma. Anali Mesitiri Zhuwau, mphunzitsi wa nkhonya. Anandizungulira kawiri ngati akugula ng'ombe, kenako anati, "Ukaweruka ubwere kuseri kwa nyumba yosungira thonje, kumtsinje kuja."

Masiku ano ndikadutsa pa nyumba zolimbitsiramo thupi zija mumati jinaziyu ndimaona zitsulo zonyezimira ndi magalasi khoma lonse, anyamata akudzisirira okha. Ife chathu chinali thumba la mchenga wa mu Zambezi lopachika pa msawu, tayala la thirakitala lomenya ndi nyundo, ndi chingwe cha khonje cholumpha chimene chinkasupula akakolo. Zovala m'manja, zomwe tinkati maluva, osati maluwa, Selesite, munalibe fungo la maluwa m'menemo, zinalipo za anthu awiri okha. Mnzako akavula iwe n'kuvala zili chinyowere ndi thukuta lake. Belu lathu linali khasu lakutha la pulawo lomenyedwa ndi bawuti. Kulemera ankatiyeza pa sikelo ya mabelo a thonje, ndipo ife olemera kwambiri, amene pa Chipwitikizi amati pezu pezadu, tinalipo atatu okha: ine, Bonifasiyo ndi Alibetu.

Za ine ndisakunamizeni. Ndinali ndi mphamvu, ndinali ndi mtima, koma ndinali ngolo. Ndinkayamba kutembenuka mnzanga atamaliza kale kundimenya. Ntchito yanga yeniyeni inali yoti awiri enawo aziphunzirira pa ine. Lolemba Bonifasiyo, Lachitatu Alibetu. N'chifukwa chake ndikuti palibe wina mumzinda muno amene angawayerekeze ngati ine.

Bonifasiyo anali wa ku Tsangano, mnansi wathu tinene, ndipo tinkatsitsa limodzi matumba. Anthu ankamutcha Munsi. Sanali wamtali kuposa ine, koma msana wake unali ngati chitseko cha tchalitchi. Ankayenda pang'onopang'ono, kulankhula pang'ono, kudya kwambiri. Mwendo wonse wa mbuzi ankautha yekha n'kufunsa ngati kwatsala chikowa, nsomba youma ija ya mchere wambiri. Nkhonya yake ya kumanja sinkachokera kutali ngati za anyamata a m'telefoni mwanuwo amene amayamba aitenga kumbuyo. Inkangoyenda kamtunda kofanana ndi chipande, koma thumba la mchenga linkapindika pakati ngati munthu wogwidwa m'mimba, ndipo masawu ankayoyoka mumtengo. Pophunzira ankandimenya ndi theka la mphamvu. Tsiku lokha limene tinakumana pamaso pa anthu ndi limene ndinalawa yonse. Ndikukumbuka khasu lija likulira. Ndikukumbuka ndikumuponyera ziwiri, imodzi n'kumupeza pamphumi, ndipo lomwe linamva kuwawa linali dzanja langa. Kenako ndikukumbuka ndili chagada, Mesitiri akundifunsa dzina la mayi anga. Zapakatipo sindikuzidziwa mpaka lero. Kunyumba anandibereka ndi Bonifasiyo yemweyo, ndipo kwa masiku atatu amene nsagwada zinakana kutafuna ankandibweretsera phala la malambe. Ankakhala pakhomo n'kumangoyang'ana dzanja lakelo ngati galu wake amene waluma mwana wa eni.

Alibetu anali Mnyungwe, wobadwira m'mphepete mwa mtsinje, mwana wa msodzi. Anakula ataimirira m'bwato, ndiye miyendo yake inkadziwa zinthu zimene miyendo ya ife anthu a kumapiri sidziwa. Munthu wolemera ngati ine ndi theka, koma akayenda simunkamva phazi. Ankamutcha Mlamba, poti kumugwira kunali kosatheka. Nditamenyana naye pamaso pa anthu, zigawo zitatu zonse zinatha ndisanamukhudze. Ndinkaponya pomwe ali, n'kupeza mphepo, kenako n'kumva mawu kukhutu: "Shamwali, ndili kuno." Nkhonya zake sizinali zolemera, koma zinkagwa ngati matalala pa malata, ndipo zonse pamalo amodzi. Mphunoyi ndi ntchito yake. Anaipinda pang'onopang'ono, modekha, ngati mmisiri wa zidebe. Atatha anandikumbatira akuseka, mpweya wake uli bwinobwino ngati wangochokera kokatunga madzi, ine ndikupuma ngati mvukuto.

Tsono mkangano wanu uwu si wachilendo. Mzinda wonse unkakangana chimodzimodzi. Anthu a kwathu pamsika ankati Munsi akangomupeza kamodzi, basi Mlamba akauma ngati chikowa. Anyungwe ankati anthu a mbatata inu, mudzamupeza bwanji munthu amene ng'ona zinamulephera? Kunalibe telefoni yobwezera m'mbuyo kuti uonenso, ndiye nkhonya iliyonse inkakula ikamayenda pakamwa. Mesitiri sankalola kuti awiriwo akumane ngakhale pophunzira. Ankati, "Wina akathyoka, ndilibe wina m'thumba." Anthu akandifunsa ine, ndinkayankha molingana ndi mbali imene ikundiwawa tsiku limenelo.

Kenako kunabwera kalata yoti chigawo chathu chitumize munthu mmodzi wolemera kwambiri kukamenya ku likulu la dziko. Wopambana akakwera ndege ku Chingodzi. Inu ndege mumaziona ngati akhwangwala, koma nthawi imeneyo pakati pa ife panalibe ngakhale mmodzi amene anaigwirapo ndi chala. Ndipo amene akanachita bwino kumeneko akanatha kupita kunja, osadzasenzanso thumba moyo wake wonse. Mesitiri analibenso pothawira. Anaika tsiku, Loweruka, nthawi ya kinzi ora, ndiye kuti 3 koloko masana.

Kutatsala milungu iwiri, Lachitatu lina, ndikuphunzira ndi Alibetu, ndinaponya dzanja langa lamanja mwachizolowezi, mosayembekezera kanthu, ndipo linamupeza pakhutu la kumanzere. Zaka zitatu ndinali ndisanamukhudzepo pamenepo. Chomwe chinandidabwitsa n'choti sanaphethire n'komwe isanafike. Titamaliza ndinatunga madzi m'chikho n'kumupatsira cha kumanzere kwake. Chikho chinakhala m'malere, iye akuyang'ana kutsogolo, osachilandira. Ndinachigwedeza. Osachilandira. Madzi atamudonthera paphewa ndi pomwe anatembenuka, ndipo anaona nkhope yanga.

Anandikokera kuseri kwa mabelo. "Shamwali, waona chiyani?"

"Diso lakolo."

"Chingwe cha ukonde chinaduka mwezi watha, chinandikwapula. Kunja likuoneka labwino, koma mkati muli chifunga." Anandigwira pamkono. "Usawauze Mesitiri. Ndikakwera ndege ija ndikaonana ndi madokotala a kumeneko. Ndikatsala kuno lifera momwemu."

Ndinamulonjeza. Ndinagwira pachifuwa n'kulumbira pa dzina la mayi anga.

Loweruka lija anthu anadzaza bwalo, ena pa denga la nyumba ya thonje, ena m'mitengo, amayi ogulitsa pamsika atasiya malonda ndi ana awo. Dzuwa linali lija la kuno loti ukaponda mwala umavina. Ine ndinali pangodya ya Bonifasiyo, nditanyamula ndowa ndi chinsanza, poti ndinali munthu wa kwawo.

Chigawo choyamba, ana inu, sindinaonepo chinthu chokongola ngati chimenecho. Alibetu ankazungulira cha kumanja kwake nthawi zonse, mutu ataupendeka pang'ono, kuti diso labwino lisamuchoke mnzake. Amene sankadziwa ankangoti ndi kunyada. Ankalowa, kugogoda katatu, kutuluka. Bonifasiyo ankamutsata osathamanga, kumudulira njira, kumuchepetsera bwalo phazi ndi phazi, ngati munthu wokusa mbuzi yolusa. Chakumapeto anamufikitsa pazingwe, ndipo dzanja lamanja lija linatuluka. Kumbukirani kuti dzanja lamanja la mnzako limakufikira kumanzere kwako. Alibetu sanalione. Chomwe chinamupulumutsa n'choti anamva phazi la Bonifasiyo likuponda, n'kuwerama mongoganizira. Nkhonya inadutsa ikupesa tsitsi. Bwalo lonse linati phuu, kenako khasu linalira.

Bonifasiyo atakhala pampando ndinayamba kumupukuta. Ndipo apa ndi pomwe ine agogo anu ndinachita chinthu chimene sindinachiiwale. Anyungwe anali akuimba nyimbo yotinyoza, ine magazi anali atatentha, ndinkafuna kuti ndege ija ikwere munthu wa kwathu. Ndinawerama n'kumunong'oneza: "Diso lake la kumanzere ndi lakufa. Saona chilichonse mbali imeneyo. Ponya lamanja, wamaliza."

Sanandiyang'ane. Analavula madzi m'ndowa n'kunena kuti, "Ndaona."

"Nanga ukudikira chiyani?"

"Iwe unaliona likubwera, unagona masiku atatu. Nanga amene sakuliona?"

Khasu linalira, ananyamuka.

Zigawo ziwiri zotsalazo anamenya ndi dzanja limodzi. Lamanja analiika pachibwano, ndipo silinachokepo. Musaganize kuti anangoima kuti amenyedwe, ayi. Ndinali ndisanadziwe kuti lamanzere lake linali ndi nzeru chotero. Linkalowa m'nthiti za Alibetu, mbali imene ankaona, ndipo kawiri konse ndinaona mawondo a Mlamba akufewa. M'chigawo chachitatu Alibetu anali atasiya kulankhula, miyendo ija itayamba kumveka pansi. Koma ankalowabe, kugogoda, kutuluka, nkhope ya Bonifasiyo ikutupa ngati mkate. Kanthawi kena anakodwa pangodya, mbali yakhungu ili poyera, bwalo lonse likukuwa kuti, "Munsi, Munsi." Ndinaona phewa lamanja la Bonifasiyo likunjenjemera, ngati ng'ombe imene ikufuna kudula chingwe. Linanjenjemera, n'kukhala. Anaponya lamanzere, Alibetu analiona, anazemba, n'kutuluka.

Oweruza anapatsa Alibetu, ndipo sanalakwe. Anthu a kwathu anamukuwiza Bonifasiyo mpaka kumsewu. Ena ankati wagulidwa, ena ankati Anyungwe amumanga mkono ndi mankhwala. Mayi wina anamuponyera mbatata yowola. Iye anangopitiriza ulendo wake. Ine ndinkadziwa zoona, koma kuti ndimuyeretse ndikanayenera kuulula za diso, ndiponso za pakamwa panga. Sindinaulule. Lolemba Bonifasiyo sanabwere kuntchito, anali atakwera kamyau kubwerera ku Tsangano.

Ndege ija sanakwere aliyense. Asananyamuke Alibetu anayenera kupimidwa, ndipo dokotala anangomuphimba diso lamanja ndi chikhatho n'kumufunsa kuti zala ndi zingati, iye osaziona. Mesitiri anatuma uthenga woti Bonifasiyo abwere m'malo mwake, koma nkhondo inali itayamba kutseka misewu, uthengawo sunafike. Za ine, ankati ndingokawachititsa manyazi, ndipo sananame.

Zaka za nkhondo mumazidziwa, ndinakuuzani kale za ulendo wausiku ndi usana wopita ku Malawi, bambo ako iwe Selesite ali kumsana kwa agogo akowa. Kumsasa wa othawa nkhondo ndinamupeza Bonifasiyo akutsitsa matumba a chimanga, ntchito yomwe ija. Tinakhala moyandikana zaka zonsezo. Ana ake ndi ana anga ankadyera mbale imodzi. Za Loweruka lija sitinatchulepo ngakhale kamodzi. Anyamata a pamsasa atamva mbiri yake anamupempha kuti awaphunzitse, iye anangoti mkono unadwala.

Iwe mkulu wa Selesite ukufuna ndinene kuti wamkulu anali ndani. Pa mphamvu, Bonifasiyo, ndipo sindinaonenso wina womuyandikira, ngakhale m'telefoni mwanumo. Pa kupirira nkhonya, Bonifasiyo yemweyo, mutu uja unali mwala. Pa miyendo, pa mpweya, pa kuwerenga maganizo a mnzake, Alibetu. Wina anamenya ndi diso limodzi, wina ndi dzanja limodzi, ndipo aliyense mwa iwo, ali choncho, akanandigonjetsa ine wa maso awiri ndi manja awiri asanatuluke thukuta. Akanakumana onse ali athunthu, sindikudziwa. Ndaiganiza nkhonya imeneyo zaka zambiri ndili pa mpando uno, ndipo imatha mosiyana tsiku lililonse.

Mtendere utabwera tinabwerera, ine n'kupeza kamalo kano ku Chingodzi, kumene ndege zimandidutsa pamutu tsiku ndi tsiku. Bonifasiyo anapita kwawo kukalima mbatata. Patapita zaka anatsika ndi katundu wake kudzagulitsa, imvi zili mbuu, ndipo anagona kwathu kuno. M'mawa tikumwa tiyi anandifunsa mwadzidzidzi kuti, "Kodi Mnyungwe uja alipo?"

Ndinali nditamva kuti alipo, koma ndinkaopa kukamuona. Tinapita limodzi. Tinamupeza kumtsinje, pansi pa mtengo, akusoka ukonde ndi zala zokha, poti diso linalo nalonso linali litayamba kuchita chifunga. Tisanalankhule anatukula mutu.

"Mmodzi mwa inu ndi ngolo ija," anatero. "Mayendedwe sanasinthe. Winayo akuponda ngati akudula njira ya munthu." Anasiya ukonde. "Bonifasiyo?"

"Ndine, achimwene."

Tinakhala pansi. Tinafunsana za moyo, za amene anamwalira, za Mesitiri amene anatisiya nkhondo ili mkati. Kenako ine ndinati, "Achimwene, ndili ndi mlandu kwa inu. Tsiku lija ndinaulula za diso lanu pangodya. Ndinamuuza kuti akumenyeni mbali imeneyo."

Anaseka pang'ono. "Ndinakuona ukuwerama, shamwali. Diso limodzi linalipo. Chigawo chachiwiri chonse ndinkangodikira. Chachitatu ndinayamba kukwiya, ndinkati munthuyu akundipeputsa. Ndinazimvetsa nditafika kunyumba, mayi anga akunditsuka nthiti." Anatambasulira manja kwa Bonifasiyo. "Bwera nalo kuno dzanja lija ndilione."

Bonifasiyo anazengereza, kenako anapereka dzanja lamanja. Alibetu analipapasa chala chimodzichimodzi, analipinda kukhala chibakera, n'kulinyamula ndi manja ake awiri ngati akuyeza kulemera kwa nsomba. Kenako analitenga n'kuligunditsa pang'onopang'ono pambali pa mutu wake, kumanzere, pafupi ndi diso lija. Analisiya pamenepo nthawi yaitali. Tinkangomva madzi akuwomba mabwato.

"Ndili ndi ana asanu," anatero Alibetu potsiriza. "Onse anabadwa pambuyo pa Loweruka lija."

Bonifasiyo anayang'ana kumtsinje. "Mwina ndikanaponya sindikanakupezani," anatero. "Munali woterera."

"Ukanandipeza."

Anaitana mwana wake wamkazi woyamba, mayi wamkulu kale wa mwana kumsana, amene ankaotcha nsomba chapafupi. "Bwera udzapereke moni kwa bambo ako ena," anamuuza. Mayiyo anabwera, anagwada, n'kupereka dzanja mwaulemu, osadziwa kuti mlendoyu ndi ndani. Bonifasiyo anapukuta chikhatho chake pa buluku kawiri konse asanamugwire, ndipo anamugwira ndi nsonga za zala zokha.

Onse awiri anapita tsopano, anatsogola Alibetu, Bonifasiyo n'kutsatira mvula yotsatira. Ndatsala ine ngolo, amene sindinapambanepo chilichonse, kuti ndizinena zomwe ndinaona.